Munda wa Tabithe

Kwathu kuno kumpoto kwa Girinilandi palibe amene amalima. Khasu ungalitengere chiyani pa thanthwe? Komabe mukafunsa mwana aliyense wa m'mudzi mwathu kumene kuli munda wa Tabithe, adzakulozerani pamwamba pa chitunda, kuseri kwa thanki ya mafuta, pomwe lero pamatera helikopita. Dzinalo linayamba ngati chipongwe, ndipo analiyambitsa ndine, Regine. Tabithe ndi mlamu wanga, mkazi wa achimwene anga a Vittus, ndipo ndakhala ndikumuseka kuyambira tonse tili atsikana.

Anabwera pachilumba chathu ali wamng'ono, atakangamira chovala cha mayi ake, bambo ake atamira ndi kabwato kawo posaka akatumbu a m'nyanja. Mayi akewo ankasoka nsapato za zikopa, ndipo Tabithe anakulira pansi pa tebulo akutola singano zogwa. Koma maso anali nawo mtsikana ameneyu! Nkhalamba za m'mudzi zikalephera kulowetsa ulusi pa singano zinkatuma mwana kuti akaitane Tabithe, ndipo nsabwe ya m'mutu mwa mnzake ankaiona ali pakhomo. Kusukulu sikunamuyendere kwenikweni. Ankangokhala duu, n'kumayang'anitsitsa zinthu zimene enafe sitinkaona chifukwa choziyang'anira.

Chilimwe china kunabwera mayi wa ku Denimaki dzina lake Gudrun, wamtali, wovala nsapato zazikulu ngati za mwamuna, amene ntchito yake inali kufufuza za zomera. Ankafuna munthu womunyamulira chikwama ndi kumuphikira khofi. Ine ndinakaniratu, ndinati udzudzu wa kuchitunda undidyerenji ngati ndaulakwira. Tabithe anavomera. Patapita masiku ndinakumana naye akutsika, nkhope itatupa, mawondo atasupuka, koma akumwetulira ngati wapeza chibwenzi.

"Iwe, mumakachita chiyani kumeneko tsiku lonse?" ndinamufunsa.

"Timagona chafufumimba."

"Basi?"

"Timayang'ana ubweya."

Ndinaseka mpaka nthiti kuwawa, ndipo tsiku lomwelo ndinalengeza pa sitolo kuti Tabithe watsegula munda.

Pamwamba pa chitundacho panali malo athyathyathya, okhawo pachilumba chonse, a timiyala ndi kadothi kopyapyala. Chipale chofewa chikasungunuka pankamera timaluwa toyera, tating'ono kuposa chikhadabo cha khanda, pa timapesi tosafika kutalika kwa chala. Gudrun ankati dzina lake ndi Draba, ndipo ndi abale a mpiru ndi kabichi. Ine kabichi ndimamudziwa wa m'sitolo, wobwera pa sitima atafota, ndiye ubale umenewo ndinangoumva. Kwa ine tonse tinali timaluwa toyera timodzimodzi. Kwa iwo munali mitundu ingapo, ndipo iwiri inali yofanana kwambiri moti Gudrun yemweyo nthawi zina ankasokoneza, n'kumatukwana m'chinenero chake.

Mtundu wina ndi wamba, umamera paliponse, ngakhale kuseri kwa zimbudzi. Winawo pachilumba chathu unkapezeka pamalo amenewo pokha. Kusiyana kwake kuli pa tiubweya ta pa tsamba. Wambawo uli ndi tiubweya towongoka m'mphepete mwa tsamba, basi. Wosowawo uli ndi tina kunsi kwa tsamba, cha kunsonga, togawika nthambi ngati kanyenyezi. Ndi maso okha sungatione, pamafunika kagalasi kokuzira zinthu, ngati kamene Gudrun ankakoloweka m'khosi. Kumapeto kwa chilimwe timakoko ta njere tikakhwima, pamenepo ndiye munthu wozolowera amatha kusiyanitsa ngakhale ndi zala. Zonsezi ndikuzidziwa lero. Masiku amenewo zinkalowera khutu ili n'kutulukira linali, moti mukanandifunsa kuti wosowa ndi uti, ndikanangokukwinyirani mphuno.

Gudrun anali ndi lamulo limodzi limene Tabithe analisunga kuposa malamulo a m'tchalitchi. Ukapempha munthu kuti akuyang'anire pa kagalasi, usamuuze chimene ukufuna kuti aone. Ukamuuza, achiona, ngakhale palibe. Umufunse funso lako, iye ayankhe, chigamulo chikhale chako.

Tabithe anakwatiwa ndi achimwene a Vittus ali ndi zaka zakezake, ndipo anthu anati apezana. Achimwenewo ndi munthu wa panyanja, wa mbedza ndi agalu, ndipo kuyankhula anakusiyira ena. Kuno tonse timavomera ndi nsidze n'kukana ndi mphuno. Ukakweza nsidze wati eya, ukakwinya mphuno wati ayi, ndipo mwana amadziwa zimenezi asanadziwe kutchula amayi. Koma achimwene anapitirira muyeso. Tsiku la ukwati abusa anachita kuimitsa mwambo n'kunena kuti, "Vittus, nsidze zako Mulungu waziona, koma mpingo ukufuna kumva mawu." M'nyumba mwawo tsiku linkatha Tabithe akufunsa, iwo akuyankha ndi nkhope, ndipo sindinamvepo atakangana.

Anabereka mwana mmodzi, Ivalu, amene pano akugwira ntchito ku Nuuk, likulu la dziko lathu. M'nyengo yamdima, miyezi imene dzuwa silituluka, ine ndi Tabithe tinkaima limodzi mu fakitale ya nsomba, mipeni m'manja, mapazi atachita dzanzi. Chilimwe chikafika, Gudrun akatsika m'boti, mlamu wanga ankavula epuloni n'kukwera chitunda, ndipo zinayenda choncho mpaka tsitsi la Gudrun linayera. Ulendo wake womaliza anakwera mogwiriziza ndodo, ndipo potsika kagalasi kaja kanali m'khosi mwa Tabithe. Tinadzamva patapita nthawi kuti anamwalira kwawo. Kunabwera achinyamata ena ofufuza, aulemu ndithu, anayenda ndi mlamu wanga chilimwe chimodzi, kenako ntchito yawo inawatengera kwina. Tabithe sanasiye. Panalibe womutuma, panalibe womufunsa zimene wapeza, koma chipale chikangochoka ankakwera yekha.

"Alamu, ndiye mukukayang'anira ndani tsopano?" ndinkamufunsa.

"Ndikungokaona timaluwa ngati tadzuka."

"Tikapanda kudzuka muphika phala mukatipatse?"

"Inu mumachita kukaona agalu a achimwene anu, amene si anu n'komwe. Ine ndanenapo kanthu?"

Maso anayamba kumuthawa mwakachetechete. Ndinayamba kudabwa atadzicheka chala ku fakitale, munthu amene ankasenda nsomba akucheza osayang'ana mpeni. Kenako anayamba kundizindikira ndikayankhula, osati ndikatulukira pakhomo. Namwino wa m'mudzi anati ndi ng'ala, maso onse awiri, ndipo mankhwala ake ndi opaleshoni ku Nuuk, koma odikira ndi ambiri. Tabithe anangoti zikomo. Kwa ife ankati, "Zing'onozing'ono zokha ndi zimene zikundivuta, zina zonse ndikuona bwinobwino." Tinakhulupirira, chifukwa m'nyumba mwake ankayenda osagunda mpando, ndipo njira ya kuchitunda mapazi ake ankaidziwa okha. Munthu amene mudzi wonse unkabwereka maso ake sakanatha kunena kuti atha. Manyazi amenewo ndimawamvetsa, ngakhale mpaka lero amandipsetsa mtima.

Nthawi yomweyo nyanja nayo inali itasintha khalidwe. Kale inkaundana molimba, chileyi chokokedwa ndi agalu n'kuthamanga mpaka kutauni. Zaka zimenezi kumakhala miyezi imene ayezi ndi wolimba moti boti silingadutse, komanso ndi wofewa moti galu angamire. Timangokhala pachilumba ngati nsomba za m'kireti. Mwezi wotero ndi umene Amaalia, mkazi wa Enok kalipentala, anadwala matenda a uchembere zinthu n'kuvuta. Helikopita inabwera, inazungulira mumdima kufuna poti itere, pamiyala popanda nyale ndi mphepo ikuomba, ndipo inabwerera. Tinaika mayi ndi mwana m'bokosi limodzi limene Enok anakhoma yekha.

Pa msonkhano wotsatira nkhani inali imodzi: mudzi ukufunika bwalo la helikopita, lakonkire, lamagetsi. Malo ake sanachite kusakidwa, popeza athyathyathya ndi amodzi omwewo. Wapampando atafunsa ngati tonse tikugwirizana, nsidze zinakwera m'holo monse. Ndinacheukira Tabithe. Nayenso anakweza zake. Pambuyo pake anabwera kwanga, anakhala pa mpando wa pafupi ndi mbaula osavula jekete, ndipo analira ngati mwana.

"Bwanji simunanenepo kanthu, alamu?"

"Ndinene chiyani? Ndiimirire pamaso pa Enok ndinene kuti maluwa?"

Ine wa pakamwa posatseka ndinangomuthirira khofi, chifukwa zimene ananenazo zinali zoona, ndipo inenso bwalolo ndinkalifuna.

Enok si munthu wouma mtima. Iye ndiye anasankhidwa kuyang'anira ntchitoyo, ndipo chipale chitasungunuka anabwera yekha kwa Tabithe, chipewa chili m'manja.

"Amayi, katapila akubwera pa sitima yoyamba, ndipo ayenera kubwerera nyanja isanatseke. Sindingamuimitse ngakhale tsiku limodzi. Koma mpaka sitima ifike, malo ndi anu. Zimene mungathe kunyamula, nyamulani."

"Timakoko sitinakhwime, mwanawe. Ukanandipatsa mwezi."

"Mweziwo ndilibe, amayi."

Apa ndiye panali vuto. Timaluwa tinali titangotumbuka, ndiye zala sizikanamuthandiza. Kukumbukira kuti wosowa ali pakutipakuti sikukanathekanso, chifukwa dothi la pamenepo likamaundana ndi kusungunuka limatakasika, miyala n'kusuntha, ndipo mitundu iwiriyo inkamera mosakanikirana. Kunyamula tonse kunali kulota chabe. Timatsinde tinali tosawerengeka, amuna anyonga anali panyanja kapena akukonzekera ntchito ya bwalo, ndipo malo okha ofanana dothi anali kuseri kwa manda, kudutsa miyala ikuluikulu. Onyamula tinali atatu, ndipo tonse okalamba. Panafunika kusankha wosowa yekhayekha, ndipo wosankhayo kagalasi sikankamuonetsanso kanthu koma nkhungu.

Ine ndinayesa kuyang'anamo, ndinangoona nsidze zanga zomwe. Ntchito inagwera achimwene a Vittus, amene pa moyo wawo wonse anali asanagonepo pansi chifukwa cha duwa. Anali atagula kumene magalasi owerengera ku sitolo, a mafelemu akuda okhuthala, owakulira pang'ono, ndipo anawavala monyadira ngati mphunzitsi. Anakwera chitunda atasenza makireti a nsomba, chipewa chaubweya chitafika pachipumi, osafunsa funso ngakhale limodzi.

Tabithe anapapasa pansi mpaka zala zake zinakhudza katsinde. "Gonani apa, bambo a Ivalu. Tembenuzani tsamba ndi chikhadabo. Pang'onopang'ono, si nsomba imeneyo. Kagalasi kayandikire diso lanu, mutu ndi umene uzitsika. Yang'anani kunsi, cha kunsonga. Pali tiubweya togawika ngati nyenyezi?"

Achimwene anayang'ana nthawi yaitali, udzudzu utadzaza pakhosi pawo. Kenako anadzutsa mutu, anatembenukira kwa mkazi wawo, n'kukwinya mphuno.

"Dulani," anatero Tabithe. "Chibuma chikhale chaching'ono, kuti tinyamule zambiri."

Pa katsinde kachiwiri anakweza nsidze. Tabithe anawayang'anitsitsa kanthawi, kenako anati, "Kasiyeni." Pa kachitatu anakwinyanso mphuno, ndipo anauzidwa kuti adule.

"Kodi tikufuna kokhala ndi nyenyezi kapena kopanda?" ndinafunsa ine.

"Zimenezo si zanu, alamu. Inu nyamulani. Awa ndikawauza chimene ndikufuna, aona nyenyezi ngakhale pa mphuno yanu."

"Mphuno yanga ilowa bwanji m'nkhani za kumunda kwanu?"

"Ndi yaikulu, ilowa paliponse."

Tinaseka, ndipo ine ndinangoganiza kuti chosowacho ndi chopanda nyenyezi. Achimwene anaganiza chimodzimodzi. Mwini ntchito anali pomwepo akugamula, ndiye ife tikanakayikira chiyani?

Masiku amenewo sindidzawaiwala. Achimwene chafufumimba, Tabithe atagwada pambali pawo, funso lomwelomwelo, nkhope kuyankha, mpeni wa nsomba kulowa m'dothi. Kireti ikadzaza ndinkaimanga ndi chingwe kumsana n'kuyamba ulendo wa kumanda, ndikutukwana mwala uliwonse ndi dzina lake. Kumeneko tinkakumba timaenje, kuika zibuma, kutsendera ndi manja, n'kuthirira ndi madzi a m'ketulo. Msana wanga sunabwererenso mwakale kuchokera nthawi imeneyo. Anthu odutsa ankaima n'kumationerera, ena kuseka, ena kutithandiza kireti imodzi n'kukumbukira kuti ali ndi zochita. Chodabwitsa n'chakuti achimwene anayamba kuikonda ntchitoyo. Tsiku lina tikudya nsomba youma pamwala, anayankhula osafunsidwa: "Tija togawika tija tili ngati mapazi a mbalame." Tabithe anasangalala ngati amuuza kuti ndi wokongola.

Sitima inafika, katapila anatsika. Tsiku limene anayamba kukankha dothi, Tabithe sanatuluke m'nyumba, koma phokoso linkamveka m'mudzi monse ndipo makapu ankanjenjemera pa shelefu. Ndinamupeza atakhala, manja ali pamiyendo. "Bola tinapulumutsako," anatero, ndipo anabwereza mawu omwewo kangapo tsiku limenelo. Pofika nthawi imene nyanja inayamba kuundana, pamunda pake panali konkire yosalala, nyale kuzungulira, ndi miyala yophwanya yothiridwa m'mbali monse mpaka potsetsereka.

Nyengo yamdima imeneyo maso anatheratu. Anasiya ntchito ku fakitale, ndipo achimwene ndi amene ankamuwerengera mauthenga a Ivalu pa foni, movutikira, liwu limodzilimodzi. Chimene chinkamulimbitsa mtima chinali kuseri kwa manda. Ankandifunsa ngati chipale chakwirira bwino kumeneko, ngati agalu omasuka sakufukulako, ndipo ine ndinkapita kukaona, ndikudandaula njira yonse. Dzuwa litayamba kubwerera, uthenga unafika wakuti dzina lake lafikiridwa ku chipatala. Ayezi anali wa mtundu uja wosadutsika ndi boti kapena chileyi, moti chaka china chilichonse mwayiwo ukanamudutsa. Tinamukweza chitunda titamugwira mikono, anaponda konkire, ndipo helikopita inamunyamula kuchokera pamunda pake penipeni.

Anabwerako patapita milungu, akuyenda yekha, mutu uli m'mwamba. Atangotsika anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Alamu, mwakalamba chonchi liti?"

"Bwererani akakutsekeninso masowo."

Anatembenukira amuna ake n'kuphulika ndi kuseka. "Magalasi amenewa anakusankhirani ndani? Mwakhala mukuyenda nawo m'mudzi muno chonchi, anthu osanena kanthu?" Achimwene anamwetulira mpaka mano onse kuoneka. Tinachita phwando la khofi, mudzi wonse unabwera mosinthanasinthana, ndipo Tabithe ankalowetsera ulusi pa singano aliyense womupatsa, mongodzionetsera. Ndinasangalala kwambiri tsiku limenelo, ndipo ndinaganiza kuti zinthu zatha bwino.

Chipale chinachedwa kuchoka kuseri kwa manda. Tsiku lililonse Tabithe ankapita kukasuzumira, n'kubwerako akuti sikunayere. Kenako m'mawa wina anagogoda kwanga, kagalasi kali m'khosi, achimwene ali kumbuyo kwake ndi fulasiki. "Timaluwa tadzuka," anatero. Tinapita atatu. Zibuma zathu zinali zitagwira pafupifupi zonse, timaluwa toyera tili mbee pakati pa miyala, ndipo ine ndemwe ndinamva kunyada ngati ndabereka.

Tabithe anagona chafufumimba pa katsinde koyamba, anatembenuza tsamba, n'kuika kagalasi pa diso. Anakhalitsa. Anasunthira pa kachiwiri, kenako pa kachitatu.

"Alamu, zili bwanji?"

Anadzuka n'kukhala pa zidendene. "Bambo a Ivalu, tabwerani. Yang'anani aka. Pali nyenyezi?"

Achimwene anagona, anayang'ana monga anaphunzitsidwira, anadzutsa mutu, n'kukwinya mphuno. Mphuno itakwinyika, magalasi aja owakulira anakwera m'mwamba, felemu yakuda yonse kusuntha, kenako n'kutsika. Tabithe anawayang'ana ngati akuona chinthu choopsa.

"Tachitaninso."

Anakwinyanso. Magalasi anakweranso.

"Tsopano vomerani."

Achimwene anakweza nsidze. Nsidze zawo n'zaimvi, zopyapyala, ndipo zinangolowa pansi pa chipewa kuseri kwa felemu. Magalasi sanasunthe. Ine amene ndinaima chapatali pang'ono ndinachita kuyang'anitsitsa kuti ndione kuti avomera.

"Ndinkaona kamzere kakuda kakukwera," anatero Tabithe, mawu akutuluka pang'onopang'ono. "Ndinkayesa nsidze. Kakapanda kusuntha ndinkati mwakana."

Achimwene anavula magalasi aja n'kumawayang'ana m'manja mwawo. "Simunkaona nkhope yanga?"

"Nkhope yanu ndinali nditasiya kuiona kalekale."

"Bwanji osanena?"

"Nanga inu bwanji osayankhula?"

Panalibe wokalipa. Anafunsana motsitsa mawu. Ine ndinakhala pamwala. Ndiye kuti katsinde kalikonse ka nyenyezi kamene achimwene anakapeza, anakaona bwinobwino, anavomera, ndipo tinakasiyira katapila. Chimene ndinathyokera msana chinali mtundu womwe uja wa kuseri kwa zimbudzi. Ndinafuna munthu womutukwana, ndinayang'ana uku ndi uku, koma panalibe.

"Mwina kena kanalowerera," ndinatero. "Makireti onse aja, alamu. Sizingatheke kuti onse."

Tabithe anagonanso pansi. Anayamba kumapeto kwa mzere, katsinde ndi katsinde, tsamba ndi tsamba, osadumpha ngakhale kofota. Achimwene ankakwawa pambuyo pake akumuthamangitsira udzudzu ndi chipewa. Khofi anazizira mu fulasiki. Zibuma tinazidula zing'onozing'ono monga anatiuzira, ndiye panalibe ndi kamphukira komwe ka mnansi kobisala m'mbali. Pa katsinde komaliza anakhala nthawi yaitali kuposa ponse, anatembenuza masamba onse, mpaka ndinayamba kuyembekezera. Kenako anadzuka, anasasa mawondo, n'kuyamba kuyenda.

Sanalowere kunyumba. Anadutsa manda, anadutsa thanki ya mafuta, n'kukwera chitunda mofulumira moti ife tinamupeza atafika kale. Anali atagwada m'mphepete mwa konkire, pa miyala yophwanya ija, akuchotsa mwala umodziumodzi ndi zala, kusuzumira pansi pake, n'kusunthira patsogolo. Pansi pa miyala panali miyala inanso. Achimwene anagwada pambali pake n'kuyamba kuchotsa nawo, ndipo ine ndinangoima, manja ali lende, osadziwa ngati ndiwaletse kapena ndiwathandize.

Enok anatuluka m'kanyumba ka pabwalo atavala jekete lowala. Anaona zimene zikuchitika, ndipo ndikhulupirira kuti anamvetsa. Kenako kunamveka kulira kwa helikopita kuchokera kunyanja.

"Amayi, pepani, muchokepo. Ikutera."

Tabithe sanadzutse mutu.

"Amayi! A Vittus, chonde, atengeni!"

Mphepo yake inayamba kutifika, fumbi ndi timiyala zikutimenya kumaso. Tinamugwira mikono, ine uku achimwene uku, n'kumukoka chafutambuyo, zidendene zikukhwekhwereza m'miyala, iye maso akadali pansi.